Tisanayende bigi woku, tidziwe chomwe tikusonkhera

Loweruka lapitali munandipatsa mphindi 15 zoti ndiyankhule, koma mvula inayamba kugunda malata moti a kumbuyo sanamve kanthu, ena n'kuthamangira kukaanula zovala. Ndiye a sekilitale anati ndilembe zonse zilowe m'kalata ya mwezi uno. Ndalemba monga momwe ndinayankhulira, kungobwezeretsa zomwe ndinadumpha poopa nthawi.

Nkhani yake mukuidziwa. Pa 15 Febuluwale dziko lonse lapansi limakumbukira ana odwala khansa, ndipo komiti inaganiza zoti ulendo uno tiyende bigi woku n'kusonkhetsa ndalama. Pomwe tinasemphana ndi pa funso loti ndalamazo zipite kuti. Ine ndinatchula za kafukufuku wa mankhwala otchedwa immunotherapy, ndipo mnzathu wina, sindimutchula koma akudzidziwa, anati, "Iwe, ife tikulephera kugula bando ya sabata, ndiye tikasonkhere mapulofesa a ku America?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Koma funsolo ndi labwino, ndipo mbali ina akunena zoona. Ndi limene ndikufuna kuliyankha.

Ndiyambe ndi chifukwa chomwe nkhaniyi sindimaitenga mwamasewera. Ndili Fomu 2, mwana wa azakhali anga, mnyamata wa zaka 7, anatupa tsaya la kumanzere. Tonse tinati ndi dzino. Anamuchukuchitsa madzi a mchere, anamugulira panado pa golosale. Pasanathe masabata awiri tsaya lija linakula ngati wabisa mango m'kamwa, mano anayamba kugwedera, diso n'kuyamba kutong'oka. Apa nkhani inasintha, anthu anayamba kunong'onezana kuti mwanayu amuchita. Ndalama zomwe zikanakhala za basi zinapita kwa asing'anga awiri, ndi nkhuku zomwe. Pomwe ankafika ku chipatala chachikulu n'kuti patatha mwezi ndi theka, ndipo madokotala anati ndi khansa yotchedwa Burkitt lymphoma.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero si kuchedwako ayi, ndi zomwe zinachitika pambuyo pake. Atangomupatsa mankhwala a m'diripi ulendo woyamba, chotupa chija chinaphwa m'masiku ochepa. Anabwera kumudzi akumenya mpira wa mapepala ndi anzake. Ku chipatala anali atawauza tsiku loti abwerenso kudzalandira mankhwala ena, koma inali nyengo yogula fetereza, ulendo wa anthu awiri wopita ndi kubwera unkadya ndalama zambiri, ndipo mwanayo ankaoneka kuti wachira. Azakhali anati tipita mwezi wamawa tikagulitsa mbuzi. Mwezi wamawawo usanathe chotupa chinabwerera, ulendo uno ndi m'mimba momwe. Tinamuika mu Malichi. Amene ndinanyamula kamtanda kake ndi ine. Azakhali sindiwaimba mlandu, chifukwa ndikanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi.

Musungeni mwanayu m'maganizo, tibwereranso kwa iye. Tsopano immunotherapy n'chiyani?

Mankhwala a khansa omwe tinawazolowera, a chemotherapy, amapha maselo amene akuchulukana mofulumira. Khansa imachulukana mofulumira, ndiye imafa. Koma tsitsi, khungu la m'kamwa ndi m'matumbo, komanso mafuta a m'mafupa momwe mumapangidwa magazi, nazonso zimachulukana mofulumira. N'chifukwa chake mwana amasosoka tsitsi, amasanza, amatuluka zilonda m'kamwa, chitetezo n'kutsika. Zili ngati kutentha tchire pofuna mbewa: mbewa uzipeza, koma udzu wofolera nyumba wapsera pomwepo. Sindikunyoza mankhwalawa, apulumutsa ana ambirimbiri ndipo akupulumutsabe. Ndikungonena momwe amagwirira ntchito.

Immunotherapy imadzera njira ina. Tonse tinakula tikumva za asilikali a m'thupi ndi za CD4 pa nkhani za Edzi. Asilikali amenewa alipodi, ndipo gulu lina la iwo limatchedwa ma T cell. Ntchito yawo ndi kusaka chachilendo chilichonse n'kuchipha. Vuto la khansa ndi loti si mlendo. Ndi selo la thupi lomwelo lomwe lapanduka, ndipo galu sauwa wakuba wa pakhomo pomwepo. Immunotherapy ndi njira zothandizira asilikaliwo kuti amuzindikire wakubayo. Njira ina ndi kupereka m'diripi mankhwala otchedwa ma antibody, omwe amakamatirira pa selo la khansa ngati kulipaka penti, kuti asilikali aone poti agwire. Njira ina, yovuta kwambiri, imatchedwa CAR T. Amatenga magazi a wodwalayo, amapatula ma T cell ake, amapita nawo ku labu n'kuwasintha chibadwa kuti pamwamba pawo pamere ngati kambedza kokola chizindikiro chomwe chili pa selo la khansa. Akatero amawachulukitsa kufika mamiliyoni n'kuwabwezera m'thupi, ndipo kumeneko amapitiriza kuswana okha.

Mwana woyamba kulandira njira ya CAR T imeneyi pa khansa ya m'magazi anali Emily Whitehead wa ku Pennsylvania, ku America. Anamupeza ndi leukemia mu 2010 ali ndi zaka 5. Kumeneko ana ambiri a khansa ya mtundu umenewu amachira ndi chemotherapy, koma kwa iye inabwerera kawiri, mpaka madokotala anauza makolo ake kuti njira zatha. Mu Epulo 2012 makolowo anavomera kuti alowe m'kafukufuku pa chipatala cha ana cha ku Philadelphia, pansi pa dokotala Stephan Grupp, pogwiritsa ntchito njira yomwe gulu la Carl June la pa University of Pennsylvania linakonza. Pali kanthu kena apa komwe kanandidabwitsa. Chonyamulira chibadwa chatsopanocho kulowetsa m'ma T cell anachipanga kuchokera ku kachilombo ka HIV, atakachotsa mbali zonse zomwe zimachititsa kuti kaswane ndi kudwalitsa munthu, kungotsala chigoba. Chonde musatuluke pano kukauza anthu kuti Edzi imachiza khansa, mwamva? Sindinatero. Emily sanapatsidwe HIV.

Atalandira maselo akewo anadwala kuposa kale. Thupi linatentha kupitirira madigiri 40, magazi anasiya kuthamanga bwino, anamuika pa makina opumira, ndipo panafika usiku wina womwe a pabanja anauzidwa kuti mwina safika m'mawa. Chomwe chinkachitika n'choti asilikali aja anali atalusa mopitirira muyeso. Atayeza magazi anapeza kuti chinthu china chotchedwa IL-6 chakwera modabwitsa. Ndiye mwayi wake taonani. Carl June anali ndi mwana wamkazi wodwala nyamakazi ya ana, choncho ankadziwa za mankhwala a nyamakazi otchedwa tocilizumab omwe amatsekereza IL-6 yemweyo. Anamupatsa Emily, ndipo m'maola ochepa thupi linayamba kuzizira. Anatsitsimuka pa 2 Meyi 2012, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 7. Atamuyeza patatha masiku ochepa, khansa inalibemo. Mu 2022 anakwanitsa zaka 10 ilibe kubwerera, ndipo lero ndi mtsikana wa msinkhu wathu womwewu. Tocilizumab uja mpaka pano ndi amene amagwiritsa ntchito wodwala wa CAR T akayamba kutentha chonchi.

Mwina mukuti nkhani yokoma, koma ikukhudzana bwanji ndi bigi woku? Ikukhudzana pa funso loti analipira ndani. Pomwe June ndi anzake ankafuna kuyesa njirayi pa odwala akuluakulu, bungwe la boma la America loona za khansa, National Cancer Institute, silinapereke ndalama, ndipo makampani a mankhwala nawonso anakana. Ankaona ngati ndi maloto. Amene anaikapo ndalama anali kabungwe kachifundo kotchedwa Alliance for Cancer Gene Therapy, komwe Edward ndi Barbara Netter anayambitsa mu 2001 mpongozi wawo atamwalira ndi khansa ya m'mawere. Ndalama zomwe zinalipo zinangokwanira odwala atatu basi. Anawapatsa mankhwalawo mu 2010, ndipo awiri mwa atatuwo khansa inatheratu. Zotsatirazi zitasindikizidwa mu 2011, m'pamene akuluakulu anadzuka. Kampani ya Novartis inalowerera mu 2012, ndipo mu Ogasiti 2017 boma la America linavomereza mankhwalawa ndi dzina loti Kymriah. Pa kafukufuku yemwe anachititsa kuti avomerezedwe, mwa ana ndi achinyamata 63 omwe njira zina zinali zitawakanika, 52 khansa inasowa m'miyezi itatu. Si onse amene anachiriratu, ena inawabwerera. Koma awa anali ana omwe kale ankangotumizidwa kunyumba.

Ndiye onani dongosolo lake. Boma ndi makampani amakonda kuika ndalama pomwe paoneka kale kuti pali phindu. Poyambirira penipeni, pomwe munthu ali ndi ganizo chabe ndipo aliyense akumukayikira, nthawi zambiri pamaima ndalama za anthu ofedwa, za mipingo, za ana asukulu, za anthu oyenda mtunda ndi zikwangwani ngati ife.

A Netter anali olemera, ndikuvomera. Ndiye ndikupatseni wina yemwe analibe kanthu. Alexandra Scott, amene ankangomuti Alex, anabadwa mu 1996 ndipo anamupeza ndi khansa yotchedwa neuroblastoma asanakwanitse chaka chimodzi. Mu 2000, ali ndi zaka 4, anauza mayi ake kuti akufuna kuika tebulo panja pa nyumba azigulitsa madzi a mandimu a shuga, ndalamazo apatse madokotala kuti apezere ana ena mankhwala. Mchimwene wake anamuthandiza, ndipo tsiku limenelo anapeza madola 2,000. Chaka ndi chaka ankabwereza, ana ena m'madera ena anayamba kutsanzira, ndipo pomwe ankamwalira mu Ogasiti 2004 ali ndi zaka 8, ndalama zinali zitapitirira madola 1 miliyoni. Makolo ake anapitiriza ntchitoyo ndi bungwe la Alex's Lemonade Stand Foundation, lomwe lasonkhetsa madola opitirira 200 miliyoni a kafukufuku wa khansa ya ana. Alex ankalandira chithandizo pa chipatala chomwe chija cha ku Philadelphia komwe Emily anadzachirira patatha zaka 8 iye atamwalira. Madzi a mandimu, anzanga. Kwathu kuno tingati mafirizesi kapena thobwa.

A mpira wa ku England mukumukumbukira Bradley Lowery, kamnyamata kosapota Sunderland komwe kankalowa m'bwalo katagwirana dzanja ndi Jermain Defoe. Nayenso inali neuroblastoma. Anthu anasonkha ndalama zoti akalandire mankhwala a ma antibody ku America, timu ya Everton yokha inapereka mapaundi 200,000, koma matenda anali atapita patali ndipo anamwalira mu Julayi 2017 ali ndi zaka 6. Ndamutchula kuti tisiyanitse zinthu ziwiri. Kusonkhera mwana mmodzi kuti akalandire mankhwala ndi chifundo, ndipo palibe cholakwika. Kusonkhera kafukufuku ndi kulipirira ana omwe sitidzawaona, ena sanabadwe n'komwe. Chachiwirichi n'chovuta kuchigulitsa pamsewu chifukwa palibe nkhope yoti uonetse anthu.

Tsopano ndibwere kwa mnzanga wa bando uja, ndimuuze pomwe akulondola. Kymriah atangotuluka mtengo wake unali madola 475,000 pa mwana mmodzi, osawerengera za chipatala. Musavutike kusintha mu makwacha, mungodwala mutu. Ku India anakonza CAR T yawoyawo yotchedwa NexCAR19, yomwe inavomerezedwa mu 2023, ndipo mtengo wake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a wa ku America. Zikutsika, koma zikadali kutali nafe, komanso njirayi imafuna labu yapamwamba ndi bedi la odwala mwakayakaya lodikirira mwana aliyense. Ndiye zoona, tikati tikusonkhera CAR T tikhala tikunamiza anthu ndi kudzinamiza tokha. Pa bigi woku ya mabuku ija sitinafike ndi theka la miliyoni lomwe.

Pomwe sindikugwirizana naye ndi poganiza kuti immunotherapy ndi nkhani ya ku America yokha, komanso kuti kafukufuku ndi wa azungu okha. Bungwe la WHO limati chaka chilichonse ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000 amadwala khansa pa dziko lonse. M'maiko olemera, oposa 80 pa 100 aliwonse amachira. M'maiko ambiri osauka, ochira safika 30. Mu 2018 bungweli linaika cholinga choti pofika 2030 ochira akhale atafika 60 pa 100 aliwonse pa dziko lonse, ndipo Burkitt ili m'gulu la khansa zomwe anazisankha kuti ayambire, chifukwa ndi yochizika.

Khansa ya Burkitt ndi yathu kuno. Dzinalo ndi la Denis Burkitt, dokotala wa maopaleshoni wochokera ku Ireland yemwe ankagwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Kampala. Iye anaona ana ambiri otupa nsagwada mofanana, ndipo analemba za matendawa mu 1958. Analibe labu yapamwamba. Anasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi n'kutumiza m'zipatala za mu Africa kufunsa ngati akuwaona ana otere. Mu 1961 anakwera galimoto ndi anzake awiri n'kuzungulira zipatala za kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuno ku Nyasaland anafikanso, akulemba pa mapu pomwe matendawa akupezeka. Anaona kuti achuluka m'madera otentha ndi a mvula, omwewo a malungo ambiri, ndipo m'mapiri ozizira ndi ochepa. Kuchokera m'zotupa zomwe ankatumiza ku London, mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo komwe lero kamatchedwa Epstein-Barr, kachilombo koyamba kudziwika kuti kamakhudzana ndi khansa mwa anthu. Ndiye dziko lonse linaphunzira chinthu chachikulu chotere kuchokera m'masaya a ana a ku Africa. Lero tikudziwa kuti kachilomboka, kakakumana ndi malungo obwerezabwereza mwa mwana, ndi komwe kamatsegula khomo la khansayi. Ndipo ndi imodzi mwa khansa zokula msanga kuposa zonse: chotupa chimatha kuwirikiza kawiri m'tsiku limodzi kapena awiri. Mwezi ndi theka womwe ife tinataya kwa asing'anga, muwerengere nokha.

Apa ndi pomwe ndimafuna mumvetsetse. Burkitt ndi khansa ya maselo otchedwa ma B cell, ndipo pamwamba pa maselo amenewa pali chizindikiro chotchedwa CD20. Alipo mankhwala a ma antibody, dzina lake rituximab, omwe amakamatirira pa CD20 pomwepo. Imeneyi ndi immunotherapy, ndipo si yachilendo ayi. Inavomerezedwa ku America mu 1997, ambiri a ife tisanabadwe, ndipo WHO inaiika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2015. Safuna labu yosinthira maselo, amaperekedwa m'diripi, ndipo pano makampani ena akupanga otsika mtengo. Mu 2020 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wa ana 328 a m'maiko olemera, odwala Burkitt ndi khansa zofanana nayo zomwe zinali zitafika poipa. Mwa omwe analandira chemotherapy yokha, pafupifupi 82 pa 100 anatha zaka zitatu matenda osabwerera. Mwa omwe anawonjezeredwa rituximab, anafika pafupifupi 94.

Mwina mukuti basitu, agule rituximab azipereka. Sizophweka chonchi, ndipo apa m'pomwe kafukufuku wathu akufunika. Ana a m'maiko olemera aja ankalandira rituximab pamodzi ndi chemotherapy yamphamvu kwambiri, yomwe imagwetsa chitetezo mpaka pansi. Iwo ali ndi magazi okwanira oika mwana, mankhwala amphamvu a matenda ongolowerera, ndi anamwino ambiri. Mwana wathu amafika ali wonyentchera kale, mwina ali ndi malungo, mwina ali ndi HIV. Ukamupatsa mlingo wa ku Ulaya, mankhwalawo akhoza kumupha khansa isanamuphe. N'chifukwa chake madokotala a kuno, monga Pulofesa Elizabeth Molyneux yemwe anagwira ntchito zaka zambiri ndi ana ku Queens ku Blantyre, anakhala akuyesa milingo yocheperako yomwe ana athu angapirire. Milingo yocheperayo imapulumutsa ana ambiri, koma siifika pa ziwerengero za m'maiko olemera zija. Ndiye funso ndi ili: ukaphatikiza rituximab ndi chemotherapy yofatsayi, kodi ana ochira achuluka popanda kuwonjezera imfa zobwera ndi mankhwala? Pajatu rituximab amaphanso ma B cell abwinobwino, ndipo mwana amakhala miyezi ingapo chitetezo chili chofooka, m'dziko la malungo ndi chibayo. Funso limeneli sangatiyankhire ku Philadelphia, chifukwa alibe chifukwa cholifunsira. Liyenera kuyankhidwa m'mawodi a kuno ndi a maiko oyandikana nafe. Ndipo musaganize kuti sizingatheke. Ku Kamuzu Central ku Lilongwe, madokotala mogwirizana ndi UNC Project anayesa rituximab pa akuluakulu odwala mtundu wina wa lymphoma, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2021 zinaonetsa kuti mankhwalawa akhoza kuperekedwa bwinobwino kuno.

Tibwerere kwa msuweni wanga uja. Tiyerekeze kuti analowa m'kafukufuku wotere. Walandira mankhwala kamodzi, chotupa chaphwa, wapita kumudzi, sanabwerenso. Dokotala alemba chiyani m'buku lake? Sangalembe kuti mankhwala agwira, sangalembe kuti akanika. Mwanayo wasowa basi. Kafukufuku amafuna mwana amene wamaliza mankhwala onse ndipo wabweranso kudzaonedwa patatha chaka. Ana akamasiyira panjira, timataya anawo, n'kutayanso yankho lomwe likanathandiza ana obwera m'mbuyo mwawo. Ndipo chimodzi mwa zifukwa zazikulu zomwe mabanja amasiyira chithandizo kuno ndi chomwechija cha azakhali anga: ndalama ya thiransipoti, ndi chakudya cha womudikirira mwana ku chipatala pomwe kumunda kwatsala kopanda munthu. Mankhwala ku chipatala cha boma salipiritsa, koma minibasi imalipiritsa.

Ndiye ganizo langa ndi ili, ndipo mukhoza kulikana. Ndalama zathu sizingagule makina a mu labu, mwinanso sizingakwane rituximab wa mwana mmodzi. Koma zikhoza kubweza ana angapo ku chipatala pa tsiku lawo. Kwa ine kumeneko ndi kusonkhera kafukufuku ndithu, kungoti tikugwira kumunsi kwa mtolo, komwe manja athu akufika. Ndikupempha kuti tisanasindikize chikwangwani ngakhale chimodzi, a sekilitale alembe kalata kwa oyang'anira wodi ya ana a khansa ku chipatala chachikulu cha chigawo chathu. Tiwafunse ngati ali ndi thumba lothandizira mabanja pa mayendedwe, ngati pali kafukufuku wa ana yemwe akuchitika kapena akukonzedwa, komanso njira yovomerezeka yoperekera ndalama. Mabungwe monga World Child Cancer akhala akugwira ntchito ndi wodi ya ana ku Queens, ndiye njira zoterezi si zachilendo. Akatiuza kuti chosowa chachikulu ndi china, timvere iwo. Tisapite ndi nzeru zathu ngati aja amakapereka mabulangete pomwe anthu akufuna sopo.

Za kasungidwe ka ndalama ndiyankhule mosabisa, ngakhale ena zikuwawani. Tonse taonapo pa Facebook chithunzi cha mwana wotupa, pansi pake nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, anthu n'kutumiza, kenako zii, osamvanso kuti zinatha bwanji. Zina zimakhala zoona, zina ayi, ndipo zabodzazo zaumitsa anthu mitima. Ife tisalandire ndalama pa foni ya munthu mmodzi, ngakhale wa pampando, ngakhale ine. Mabokosi akhale omata, atsegulidwe pamaso pa a patironi ndi anthu ena awiri omwe sali m'komiti, chiwerengero chilembedwe tsiku lomwelo, ndipo risiti ya komwe tapereka ijambulidwe ilowe m'kalata ya mwezi wotsatira. Pasakhale zoti tichotsepo za ma T-sheti kapena za zakumwa za oyenda. Amene akufuna T-sheti agule yekha. Anthu akakupatsa K500 pamsewu poti wanena za ana odwala, ndiye kuti akukhulupirira, ndipo ukaidya suwapezanso chaka chamawa.

Chinanso, tikadzapita kukapereka, mafoni akhale m'matumba. Msuweni wanga ankabisa nkhope ndi chitenje cha mayi ake anthu akabwera kudzamuona. Sindikufuna kudzaona mwana wa munthu ali pa tsamba lathu ife titamuzungulira tikumwetulira.

Pa zikwangwani tisangolemba zopempha ndalama. Anthu omwe tidzakumane nawo pamsika ndi omwewo amene ali ndi ana kunyumba, ndiye tilembepo zomwe ife sitinkazidziwa nthawi ija: chotupa chokula msanga pa nsagwada, pakhosi kapena m'mimba, ngakhale chisakupweteka; kadontho koyera pakati pa diso la mwana; kutentha thupi kosamva mankhwala a malungo; kuchepa magazi kobwerezabwereza ndi kutuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama. Mwana wotere apite ku chipatala sabata yomweyo. Ndipo mzere womwe ndikufuna ulembedwe ndi zilembo zazikulu ndi woti chotupa chikaphwa si kuti mwana wachira, amalize mankhwala onse. Chikwangwani chimenecho ndidzanyamula ndekha.

A wapampando ati tidzavota Loweruka likubwerali 2 koloko masana, malo omwe aja. Ganizo langa likadutsa, kalata ya ku chipatala ituluke Lolemba, ya kwa a DC ndi apolisi yodziwitsa za ulendowu itsatire sabata yomweyo, chifukwa masiku atsala ochepa. Amene muli ndi firiji kunyumba mudzalembetse kwa a msungichuma, tikufuna nyumba zosachepera zinayi zoumitsira mafirizesi, poti magetsi akathima mbali ina tisagwe tonse. Shuga ndi timapepala tomangira tidzasonkherana tokha, zisadzachoke m'bokosi. Mnzanga wa bando uja ndinakambirana naye pobwerera tsiku lija. Akuti za mapulofesa sanasinthe maganizo, koma kulaboksi adzanyamula ndi iye.